Mike Tyson ndi muyeso wa ungwazi pa nkhonya

Pa masewera a nkhonya, kudziwa amene wapambana usiku umodzi sikuvuta: wina wagona chagada, kapena majaji atatu apereka mapointi awo. Chovuta ndi kuweruza ntchito yonse ya wankhonya akapuma. Mpira uli ndi ligi, momwe timu iliyonse imakumana ndi inzake iliyonse, ifune isafune. Othamanga ali ndi wotchi, ndipo wotchi siikondera. Nkhonya zolipidwa zilibe ligi, zilibenso wotchi. Wankhonya, manejala wake ndi pulomota ndiwo amasankha womenyana naye, tsiku lake ndi malo ake, kotero mbiri imene imatsala papepala imakhala itapangidwa theka m'bwalo, theka mu ofesi.

N'chifukwa chake dzina lakuti ngwazi limakanganitsa anthu zaka zambiri mwini wake atavula kale magolovesi, ndipo ndi ochepa amene akanganitsa anthu pa nkhaniyi kuposa Mike Tyson wa ku America. Adapuma mu 2005 atapambana nkhonya 50, mwa izo 44 maraundi asanathe, n'kugonja 6. Mu 2011 adalowetsedwa mu International Boxing Hall of Fame, nyumba yokumbukira akatswiri a nkhonya yomwe ili m'tauni yaing'ono ya Canastota m'chigawo cha New York. Kulowa m'menemo sikutseka mkangano, chifukwa khomo lake ndi lotakata: chaka chomwecho mudalowanso Sylvester Stallone wa mafilimu a Rocky, pagawo la anthu amene adatukula masewerawa osamenya nkhonya. Funso lenileni ndi la mzere umene Tyson ayenera kukhalapo, wa Muhammad Ali ndi Joe Louis kapena wa kumbuyo kwake. Olemba mbiri ya nkhonya ali ndi mafunso angapo amene amafunsa pa wankhonya aliyense. Ena mwa mafunsowo Tyson amawayankha mwamphamvu, ena amamusowetsa chonena.

Manambala ndi malamba

Ambiri amayambira pa chiwerengero cha kupambana ndi kugonja, chifukwa ndicho chosavuta kuloweza. Rocky Marciano adapuma mu 1956 atapambana nkhonya zake zonse 49. Floyd Mayweather adafika pa 50 osagonjako. Koma Wanheng Menayothin wa ku Thailand, wa gulu la opepukitsitsa, adafika pa 54 asanagonje koyamba mu 2020, ndipo palibe wodziwa nkhonya amene amamuika patsogolo pa Mayweather. Sugar Ray Robinson, amene ambiri amati ndiye wankhonya woposa onse amene adakhalako, adagonja ka 19 pa nkhonya pafupifupi 200 zimene adamenya kuyambira 1940 mpaka 1965. Ali adagonja kasanu.

Kusagonja kumakonzeka. Manejala wochenjera amadyetsa mnyamata wake anthu obwera kudzangolandira ndalama mpaka chiwerengero chitakwera, ndipo amazemba aliyense woopsa mpaka woopsayo atakalamba. Wina amanyamula kugonja kungapo chifukwa choti sankakana munthu. Isaac Chilemba wa ku Malawi adagonja pamapointi kwa Sergey Kovalev ku Russia mu 2016 ndi kwa Dmitry Bivol mu 2018, onse awiri ali ndi malamba a dziko lonse, ndipo konseko adamaliza maraundi 12. Papepala kumeneko ndi kugonja kuwiri, koma kumaonetsa msinkhu wake bwino kuposa kugwetsa anthu khumi osadziwika.

Malamba nawo adatsika mtengo. Kale magulu a kulemera adalipo 8, ndipo nthawi zambiri gulu lililonse linkakhala ndi mfumu imodzi yovomerezeka kwa onse. Lero mabungwe akuluakulu alipo anayi, WBA, WBC, IBF ndi WBO, magulu ndi osachepera 17, ndipo bungwe lililonse limapereka lamba wake n'kumadulako ndalama pa nkhonya iliyonse yolimbirana lambayo. Munthu angathe kuvala lamba wa dziko lonse chonsecho pagulu lake lomwelo alipo atatu omuposa. Pamenepa Tyson alibe mlandu. Pa 22 Novembala 1986 adamaliza Trevor Berbick mu raundi yachiwiri n'kutenga lamba wa WBC ali ndi zaka 20 ndi miyezi 4, ndipo mpaka lero palibe amene adatenga lamba wa olemera kwambiri ali wamng'ono chotero. M'Malichi 1987 adalanda wa WBA kwa James Smith, ndipo pa 1 Ogasiti chaka chomwecho adalanda wa IBF kwa Tony Tucker. Pasanathe miyezi 9, malamba onse atatu amene ankawerengedwa nthawi imeneyo adali m'chiuno mwa mnyamata mmodzi.

Adagonjetsa ndani, ali pamsinkhu wanji

Funso lolemera kuposa onse ndi la maina. Tambala amaoneka wamphamvu pabwalo lakwawo mpaka tsiku limene wa mudzi wina adzalumphe mpanda. Ndiye odziwa nkhonya amafunsa kuti wogonjayo adali ndani, adali ndi zaka zingati, adali atachita zotani asanafike tsikulo, ndipo adachita zotani pambuyo pake.

Chitsanzo cha kupambana kolemera ndi cha ku Kinshasa pa 30 Okutobala 1974. George Foreman adali ndi zaka 25, atapambana nkhonya zake zonse 40, ndipo adali atamaliza Joe Frazier ndi Ken Norton aliyense mu raundi yachiwiri. Anthu awiri omwewo adali atamugonjetsapo Ali. Ali, wa zaka 32, adamukomola Foreman mu raundi ya 8. Patatha zaka 20, Foreman yemweyo adatenganso lamba wa dziko lonse ali ndi zaka 45, zimene zidangoonjezera kulemera kwa zimene Ali adachita.

Mndandanda wa Tyson ulibe usiku wotero. Berbick, Smith, Pinklon Thomas, Tucker, Tyrell Biggs, Tony Tubbs, Frank Bruno, Carl Williams ndi Donovan Ruddock adali ankhonya abwino, ndipo angapo a iwo adavalapo lamba. Koma m'zaka za m'ma 1980 malamba a olemera kwambiri ankangodutsa m'manja, uyu lero uyu mawa, ndipo ena mwa eni ake ankalimbana ndi kunenepa kapena mankhwala osokoneza bongo kuposa mmene ankalimbirana ndi anzawo. Mwa onse amene Tyson adawagonjetsa, amene mbiri imawawerenga ngati ngwazi ndi awiri: Larry Holmes ndi Michael Spinks.

Holmes adakumana ndi Tyson pa 22 Januwale 1988 ali ndi zaka 38, atakhala pafupifupi zaka ziwiri osamenya. Adagwa katatu mu raundi yachinayi nkhonya n'kuthera pomwepo. Otsutsa amati Tyson adamenya nkhalamba. N'zoona, komabe pa nkhonya 75 zimene Holmes adamenya moyo wake wonse, palibenso wina amene adamumaliza maraundi asanathe. Nkhalamba yomweyo idabweranso, ndipo mu 1992, ili ndi zaka 42, idagonjetsa Ray Mercer amene adali asanagonjepo, n'kumenyana ndi Evander Holyfield maraundi 12 onse. Kupambana kumeneku n'kolemera kuposa mmene otsutsa amakuyesera, ngakhale sikufika pa kugonjetsa Holmes wa 1980.

Spinks ndiye nkhani yaikulu. Adapata mendulo yagolide ku Olimpiki ya 1976, adalamulira gulu lotsikirapo kulemera, kenaka adakwera n'kulanda lamba kwa Holmes mu 1985, Holmes ali pa nkhonya 48 osagonja. Popeza palibe adamugonjetsa m'bwalo, ambiri ankamuona ngati mfumu yeniyeni ngakhale malamba adali kwa Tyson, potsata mwambo wakale wakuti ufumu wa nkhonya umachoka pa munthu pokhapokha wina amugonjetse. Pa 27 Juni 1988 ku Atlantic City, Spinks, amene adali atapambana nkhonya zake zonse 31, adatha m'masekondi 91 ndipo sadamenyenso. Pano otsutsa amati Spinks adali wa thupi laling'ono, wa mawondo ovuta, ndipo adalowa m'bwalo mantha ali pankhope. Koma pasikelo adasiyana ndi Tyson ndi makilogalamu osakwana atatu, ndipo mantha amenewo adawadzala ndi Tyson yemweyo.

Palinso china chimene chiyenera kunenedwa pomuteteza. Wankhonya sasankha chaka chobadwa. Joe Louis nayenso ankanyozedwa ndi atolankhani kuti akungogwetsa anthu wamba mwezi ndi mwezi, ndipo maina akuluakulu a Marciano adali a anthu okalamba: Louis adali ndi zaka 37, Jersey Joe Walcott 38. Chimene chingafunsidwe ndi chakuti munthu adachita chiyani ndi anthu amene adalipo. Pakati pa 1986 ndi 1989 Tyson adasesa onse, sadazembe aliyense, ndipo ambiri adawamaliza mofulumira kuposa mmene wina aliyense adachitira. Ndi Holyfield sadakumane nthawi imeneyo, koma Holyfield adali atangokwera kumene kulowa gulu la olemera kwambiri pakati pa 1988.

Zimene maso amaona

Mafilimu a nkhonya zake zoyambirira ndi umboni wina, ndipo umboniwu uli kumbali yake. Tyson ndi wamtali masentimita 178, wa mikono yaifupi, ndipo pafupifupi aliyense amene ankamenyana naye ankamuposa msinkhu. Cus D'Amato, mkulu amene adamutenga ali mnyamata wovuta wa ku Brooklyn n'kumulera ku Catskill, adamuphunzitsa njira imene adaphunzitsanso Floyd Patterson: magolovesi pamasaya, zigongono zitatseka nthiti, mutu ukuyenda uku ndi uku, munthu n'kumalowa pansi pa chibakera cha mnzake mpaka atafika pafupi. Akafika ankaponya zibakera zitatu kapena zinayi zotsatizana, china m'nthiti, china chochokera pansi kulunjika chibwano, ndi dzanja lomwelo. Anthu amakumbukira mphamvu, koma chimene chinkadabwitsa aphunzitsi a nkhonya chidali liwiro lake ndi kuvuta kwake kumumenya. Nkhonya zake 19 zoyamba zonse zidatha maraundi asanakwane, 12 mwa izo mu raundi yoyamba.

Njira imeneyi imadya miyendo ndi chiuno, ndipo imafuna kubwereza zomwezo tsiku ndi tsiku m'chipinda chophunzirira. Ilinso ndi pobowoka pamene padaoneka msanga. Smith ndi Tucker, ngakhale adagonja, adaonetsa kuti munthu wamtali akamukumbatira Tyson nthawi iliyonse imene wafika pafupi, iye amavomera kukumbatiridwako n'kudikira woimbira awalekanitse. D'Amato adamwalira mu Novembala 1985, manejala Jim Jacobs mu Malichi 1988, ndipo mphunzitsi Kevin Rooney adachotsedwa itatha nkhonya ya Spinks, pulomota Don King akulowa m'nkhani za Tyson. Kuyambira pamenepo mutu udayamba kuima ndipo zibakera zidayamba kubwera chimodzichimodzi. Mu Febuluwale 1989 Bruno adamugwedeza mu raundi yoyamba asanagonje mu yachisanu.

Atagwa, adatani

Pa 11 Febuluwale 1990 ku Tokyo, Tyson adalowa m'bwalo atapambana nkhonya 37 osagonja. James Douglas, wodziwika kuti Buster, sankawerengedwa. Obetcha ku Las Vegas adaika 42 kwa 1 kuti sangapambane. Mayi ake adali atamwalira masiku 23 m'mbuyomo. Douglas adagwiritsa ntchito mikono yake yaitali, adamenya osabwerera m'mbuyo mwamantha, ndipo diso lamanzere la Tyson lidayamba kutupa. Anthu a pakona ya Tyson adalibe ngakhale kachitsulo kozizira kophwetsera chotupa, mpaka adathira madzi ozizira m'golovesi ya labala n'kumamuika pa diso. Kumapeto kwa raundi ya 8 Tyson adamugwetsa Douglas, iye n'kudzuka woimbira atafika pa 9. Mu raundi ya 10 Tyson ndiye adagwa koyamba pa ntchito yake, ndipo adawerengedwa mpaka 10 akufufuza choteteza mano chake pansi. King adadandaula kuti woimbira adawerenga mochedwa pamene Douglas adagwa, koma chigamulo sichidasinthe.

Kugonja pakokha si mlandu. Chimene olemba mbiri amayang'ana ndi zochitika pambuyo pake, ndipo apa mbiri za ngwazi zimafanana modabwitsa. Louis adakomoledwa ndi Max Schmeling mu 1936, ndipo mu 1938 adamumaliza m'mphindi ziwiri ndi masekondi anayi. Marciano adagwetsedwa ndi Walcott mu raundi yoyamba mu 1952, adatsalira pamapointi, n'kumukomola mu raundi ya 13. Holmes adagwetsedwa ndi Earnie Shavers mu 1979 ndi chibakera chimene ambiri sakadadzuka nacho, koma adadzuka n'kupambana mu raundi ya 11. Ali adagonja kwa Frazier mu 1971, kwa Norton mu 1973 atathyoledwa nsagwada, ndi kwa Leon Spinks mu 1978, ndipo onse atatu adawabwezera chipongwe. Lennox Lewis adakomoledwa kawiri, ndi Oliver McCall mu 1994 ndi Hasim Rahman ku Brakpan ku South Africa mu 2001, ndipo onse awiri adawagonjetsa pobwereza.

Tyson sadabwezepo chipongwe kwa aliyense amene adamugonjetsa, ndipo palibe nkhonya imene adagwa pansi n'kudzuka kuipambana. Si nkhani ya chibwano chofooka ayi. Douglas adamumenya maraundi 10 asanagwe, ndipo mu 1991 adalandira zibakera zoopsa za Ruddock pa nkhonya ziwiri n'kupambana zonse. Chimene chinkasowa ndi njira yachiwiri. Mnzake akapanda kuchita mantha, akapirira maraundi oyambirira, Tyson ankapitiriza zomwezo, mphamvu zikuchepa, akuyembekezera chibakera chimodzi.

Zaka zotayika, ndi anzake a msinkhu umodzi

Omukonda amati Tyson weniweni adatha mu 1988, ndipo amene adatsalayo asawerengedwe. Mfundoyi ndi yokopa koma siyolimba. Kusunga thupi, kusankha anthu oyenda nawo, kudzuka m'mamawa kukathamanga ndalama zitadzaza kale ku banki, zonsezi ndi mbali ya ntchito ya wankhonya. Sizingatheke kudula zaka ziwiri zabwino n'kuweruza munthu pa zokhazo, pamene anzake akuweruzidwa pa zaka khumi kapena kuposa. Louis adasunga lamba kuyambira 1937 mpaka 1949 n'kumuteteza ka 25. Holmes adateteza ka 20 m'zaka 7. Tyson adateteza ka 9 m'zaka zitatu ndi miyezi itatu. Chimenecho si chiwerengero chonyozeka, koma si cha mzere woyamba.

Mu 1992 khoti la ku Indianapolis lidamupeza wolakwa pa mlandu wogwirira, ndipo adakhala kundende mpaka Malichi 1995. Kuyambira Juni 1991 mpaka Ogasiti 1995 sadamenye nkhonya. Ali nayenso adataya zaka za msinkhu womwewo, kuyambira 1967 mpaka 1970, atakana kulowa usilikali pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam. Zifukwa zake n'zosiyana kotheratu, koma kutayako n'kofanana, ndiye kuyerekeza n'koyenera. Ali atabwerera, miyendo itachepa liwiro, adaphunzira kumenya mwa njira ina, ndipo nkhonya zimene zidamupatsa dzina, za Frazier, Norton ndi Foreman, zonse ndi za pambuyo pa kubwerako. Tyson atabwerera adapatsidwa nkhonya zinayi zimene zonse pamodzi sizidakwane maraundi 8 athunthu. Mwa izo adatengamo lamba wa WBC kwa Bruno ndi wa WBA kwa Bruce Seldon mu 1996. Lewis ndiye adali woyenera kulimbirana naye wa WBC, koma adapatsidwa madola 4 miliyoni kuti ayambe wadikira, ndipo pambuyo pake Tyson adangousiya lambayo.

Adasankha Holyfield, amene ankaoneka ngati watha. Holyfield adali ndi zaka 34, Tyson 30. Mu 1994 madokotala adali atamukayikira mtima, ndipo mu 1995 Riddick Bowe adali atamumaliza mu raundi ya 8. Pa 9 Novembala 1996 Holyfield adakana kubwerera m'mbuyo, adamukankha Tyson, adamukumbatira pofunika, adamugwetsa mu raundi ya 6, ndipo woimbira adaimitsa nkhonya mu raundi ya 11. Pobwereza pa 28 Juni 1997, Tyson, atang'ambika pamwamba pa diso chifukwa chogundana mitu, adaluma Holyfield khutu kawiri mu raundi yachitatu. Woimbira Mills Lane adamuchotsa m'bwalo, adalipitsidwa madola 3 miliyoni ndipo adalandidwa chiphaso chomenyera nkhonya. Lewis adakumana naye pa 8 Juni 2002 ku Memphis n'kumukomola mu raundi ya 8.

Pa nkhonya ya Lewis pali ponena, chifukwa Tyson adali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 36 ndipo njira yake imakalamba msanga. Koma Lewis adabadwa mu 1965 ndipo Holyfield mu 1962, onse awiri ndi akulu kwa Tyson wa 1966. Anthu atatuwa ndi a m'badwo umodzi, ndipo pa nkhonya zitatu zimene Tyson adamenyana ndi awiriwo sadapambaneko ngakhale imodzi. Ndi Bowe sadakumane.

Kugonja kwa kumapeto ndiko kuyenera kuchotsedwa. Danny Williams mu 2004, Kevin McBride mu 2005, ndi Jake Paul mu 2024 Tyson ali ndi zaka 58, sizinena kanthu pa luso lake, monganso palibe amachepetsa Ali chifukwa chogonja kwa Berbick mu 1981 kapena Louis chifukwa chogonja kwa Marciano mu 1951. Ankhonya ambiri amapuma mochedwa, kawirikawiri chifukwa cha ngongole.

Khalidwe ndi kutchuka

Kodi zochita munthu kunja kwa bwalo ziyenera kulowa pa muyeso? Nyumba ya ku Canastota idayankha kalekale kuti ayi. Carlos Monzón wa ku Argentina adalowetsedwa mu 1990 ali kundende pa mlandu wopha mayi wa mwana wake. Muyesowo ndi wa nkhonya, ndipo kutcha munthu ngwazi ya nkhonya si kumutcha munthu wabwino. Mlandu wa ku Indianapolis ndi wolemera pa mbiri ya Tyson ngati munthu, ndipo owerenga ali ndi ufulu womuweruza nawo. Kuluma khutu n'kosiyana, chifukwa kudachitikira m'bwalo, nkhonya ili mkati, iye akutsalira pamapointi. Kumeneko ndi umboni wa nkhonya: pa usiku umene adali ndi mpata wobweza chipongwe, adapeza njira yotulukira.

Kutchuka nako kumasokoneza. Tyson amadziwika ngakhale kwa anthu amene sadaonerepo raundi imodzi ya nkhonya, ndipo timavidiyo ta masekondi ochepa ta anthu akugwa timayenda pa intaneti kuposa maraundi 15 a Holmes akumenya ndi dzanja lamanzere mwaluso. Sam Langford, wobadwira ku Canada, sadapatsidwe mwayi wolimbirana lamba wa olemera kwambiri. Jack Johnson adamugonjetsa mu 1906, ndipo atakhala mfumu adakana kubwereza naye. Ochepa amamudziwa lero, koma olemba mbiri amamuika pamwamba kwambiri chifukwa cha anthu amene adawagonjetsa m'magulu angapo a kulemera. Kukopa anthu kuli ndi phindu lake, ndipo Tyson adadzutsa gulu la olemera kwambiri pa nthawi imene anthu adali atatopa nalo, koma kumeneko ndi kuyeza msika.

Mzere wake

Mkangano wa pamalo ochezera umakonda funso lakuti Tyson wa 1988 akadakumana ndi Ali, kapena Louis, akadapambana ndani. Ndi funso lokoma koma losayankhika. Marciano ankalemera makilogalamu pafupifupi 85, ndipo lero sakadawerengedwa n'komwe m'gulu la olemera kwambiri. Tyson pa nthawi yake yabwino ankalemera pafupifupi 99, Lewis tsiku la ku Memphis 113. Nkhonya zolimbirana lamba zidali za maraundi 15 mpaka m'zaka za m'ma 1980, pamene zidatsitsidwa kufika pa 12 pambuyo pa imfa ya Duk Koo Kim wa ku South Korea mu 1982. Zakudya, magolovesi ndi kaphunzitsidwe zidasintha. Chimene chingayezedwe mosakondera ndi zimene munthu adachita pakati pa anzake a nthawi yake.

Pa muyeso umenewo Tyson ndi ngwazi. Kutenga lamba pa zaka 20, kusonkhanitsa malamba onse, kusesa gulu lonse m'zaka zitatu ndi kumaliza Spinks ndi Holmes mmene adawamalizira ndi zinthu zimene ankhonya ochepa kwambiri adachitapo. Koma mzere wake ndi wachiwiri. Ali ndi Louis ali patsogolo patali. Holmes amamuposa pa kukhalitsa, ndipo Holyfield ndi Lewis amamuposa pa chifukwa chosavuta kumva, chakuti adamugonjetsa ndipo adagonjetsanso maina olemera kuposa ake.

Nkhonya imodzi ikadatha kusuntha malo amenewa. Holyfield adali pampando wa pafupi ndi bwalo ku Tokyo, akuyembekezera kumenyana ndi Tyson chaka chomwecho cha 1990, koma Douglas adasokoneza zonse, ndipo Holyfield adatenga malamba kwa Douglas mu Okutobala, mu raundi yachitatu. Awiriwa adagwirizananso tsiku la 8 Novembala 1991 ku Caesars Palace ku Las Vegas. Tyson adali ndi zaka 25, atangogonjetsa Ruddock kawiri, ndipo Holyfield adali ndi zaka 29, asanagonjepo. Tyson adavulala nthiti pokonzekera, nkhonya idaimitsidwa patatsala milungu itatu, ndipo mlandu wake udayamba kuzengedwa mu Januwale 1992.